Khutu la Nicole

Mayi Esnat Chimbalanga anaphunzitsa pulayimale ku Ntcheu zaka zambiri asanabwere ku London mu 2002, ndipo uphunzitsiwo sunawachoke. Ku Barking ankagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, koma kutchalitchi kwathu mwana akangoyamba kutafuna chingamu, diso lawo linkamupeza. Makolofe tinkakondwera nazo, poti ana obadwira kunowa anali atatitopetsa.

Tsiku lina mu 2006 akuweruka, anapeza Nicole, mwana wa mnzawo Carol, pa siteji ya basi ali mu yunifolomu ya sukulu, ndudu ili pakamwa. Esnat sanachedwe, anamugwira khutu n'kulipotokola. Ndolo inang'amba khutulo pang'ono, magazi n'kudonthera pakolala. Mayi wina amene ankadikira basi anaimbira apolisi.

Mlandu wake unali womenya munthu, waung'ono pamaso pa khoti, koma osati kwa Esnat. Kuno wosamalira okalamba amafufuzidwa mbiri yake kupolisi, ndipo dzina likada, ntchito yathera pomwepo. Anawatulutsa pa belo n'kuwalamula kuti asayandikire Nicole kapena banja lake mpaka mlandu utatha.

Ine ndinawaperekeza kwa loya, Walusungu, mnyamata wa ku Rumphi amene anaphunzirira zamalamulo konkuno. Esnat anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, chikwama atachikumbatira.

"Mayi," anatero Walusungu, "lamulo la kuno limalekerera kholo lokha, nalonso pang'ono pokha. Nicole si mwana wanu."

"Mwananga," anayankha Esnat, "mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Kwathu, inde. Majisitireti mwambi umenewo saudziwa. Koma mwayi ulipo. Mbiri yanu ndi yoyera, ndipo ndamva kuti a Carol sakufuna za khoti. Ndiwalembera a boma kuti mlanduwu authetse. Inuyo ingokhalani phee. No contact, mayi, ngakhale foni."

Anavomera ndi mutu, koma mtima unakana. Kwathu wolakwa sakhala phee, kukhala chete pamenepo ndi mwano. Mlungu wonse sankadya, akuti Carol aziti Esnat wapweteka mwana wake n'kungozisiya ngati wapha udzudzu. Loweruka anavala chitenje, anagula nkhuku yamufiriji, natengana ndi a Biswick, mkulu wa mpingo. Anakagwada pakapeti ya Carol n'kupepesa monga mwa mwambo. Carol analira, anawadzutsa, tiyi n'kumwa. Esnat anabwerako atapepukidwa, mpaka anandiimbira kuti nkhani ija yatha bwino.

Lolemba mayi wa boma woona za ana anafunsa Nicole ngati zonse zili bwino kunyumba. Mwanayo anangonena zoona, kuti anti anabwera ndi abambo ena ndi nkhuku.

Apolisi anakawatengera Esnat kuntchito, supuni ya phala ili m'manja, agogo amene ankawadyetsa akufunsa kuti nesi wawo akupita naye kuti. Manyazi a tsiku limenelo, Esnat amati bola imfa.

Walusungu anagwira mutu. "Mayi, kwa iwo nkhuku ija ndi chiphuphu, a Biswick ndi woopseza mboni. Za kuthetsa mlandu iwalani. Vomerani, ine ndikudandaulirani."

Ndipo anayesetsa ndithu. Anauza khoti za uphunzitsi wawo, za mwambo wopepesa, za okalamba amene ankakana kudya Esnat akakhala pa tchuthi. Carol anakhala kumbuyo akupukuta misozi. Esnat, amene kale ankaimiritsa ana patsogolo pa kalasi, anaimirira okha n'kuvomera mlandu ndi mawu osamveka, mpaka anauzidwa kuti abwereze mokweza. Majisitireti anawamasula powachenjeza kuti asalakwenso kwa chaka. Ndende anaipewa, koma dzina linalembedwa, ndipo ntchito inatha mwezi womwewo.

Kutchalitchi kwathu sanabwerenso, ngakhale palibe amene anawathamangitsa. Amakapemphera ku Tottenham, kwa anthu a ku Ghana, kumene palibe wowadziwa. Ndinakumana nawo m'sitima chaka chatha akuchokera kokolopa maofesi ku Greenwich. Atamva kuti ndikupita kumudzi pa Khirisimasi, anandigwira mkono, maso ali pansi.

"Mukakafika ku Ntcheu, achemwali, za ine musakanene. Ana anga kumeneko amadziwa kuti ndikusamalirabe agogo aja."