Wachibale wa Kuseri kwa Geti

Ine ntchito ya pa kiliniki ndinaipeza nditakula kale, amuna anga atamwalira. Inali kiliniki ya kampani, zija zolipira, mu tauni ya Chipata momwe muno. Ndinkakolopa, kutaya zinyalala, ndi kuyalula mabedi odwala akatuluka. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma kufunsa mafunso ndiye sindinaleke. Malemu amuna anga ankati pakamwa panga pali ngati khomo la golosale, sipatsekedwa ngakhale Lamulungu.

Nsalu za pabedi sitinkachapa pa kiliniki chifukwa malo oyanika panalibe. Kampani inapereka ntchitoyo kwa mayi wina wa ku komboni ya Nabvutika, amene tonse tinkangowatchula kuti adona. Ine ndi amene ndinkapititsa mitolo ya nsalu zakuda n'kubwerako ndi zoyera. Wanjinga ankanyamula mitolo, ine pambuyo wapansi, chifukwa njinga za hayala zija ndinasiya kukwera tsiku limene ina inanditaya m'ngalande nditavala yunifomu ya chigwirizano cha kutchalitchi. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Nyumba ya adona inali ndi mpanda wa njerwa, wautali, magalasi osweka pamwamba. Geti lake lachitsulo linkakhala lokiya masana onse, kiyi ali pa mfundo ya chitenje chawo. Mkati munali zingwe zokhazokha, nsalu zili mbuu ngati mitambo yagwa pansi. Wochapa anali mmodzi, mayi wofanana zaka ndi mwana wanga woyamba. Manja ake anali osupuka ndi mankhwala aja oyeretsera, zala zotuwa ngati chinangwa chonyika. Ndinkamuthandiza kupinda nsalu, inu mukudziwa nsalu ya pabedi imafuna anthu awiri, wina uku wina uko. Popinda pamenepo ndi pamene ndinkamufunsa zanga.

"Kwanu n'kuti, mwanawe?"

"Ku Chiparamba, amama."

"Aa, kwa mtedza! Mumapitako?"

"Ndidzapita."

"Nanga ku msika, kutchalitchi?"

"Ntchito imachuluka, amama."

Ndinangoti basi ndi wofatsa. Alipo anthu otero, osakonda zoyendayenda. Mlamu wanga wa ku Madzimoyo anakhala zaka osaponda mu tauni, akuti magalimoto amamuzunguza mutu.

Ndiye tsiku lina a manijala anatisonkhanitsa tonse, anesi, mlonda, ife okolopa, akuti kwabwera mlendo wochokera ku likulu la kampani ku Lusaka. Anali mayi wachitsikana, wa nsapato zafulati, wolankhula Chinyanja chosakaniza cha kwawoko. Anati wabwera kudzakamba za ukapolo wa masiku ano. Tinaseka. Ukapolo ife tinkaudziwa wa makedzana, wa magoli m'khosi. Mlonda wathu, bambo wa nthabwala, anati, "Amayi, kapolo ndi ineyo, wolumidwa ndi udzudzu anzanga ali m'bulangete."

Mayiyo anaseka nawo, kenako anamufunsa, "Mutafuna kusiya ntchito mawa, alipo angakuletseni?"

"Akazi anga okha."

"Ndiye ukapolo wanu uli kunyumba, kampani siungakwanitse."

Titatha kuseka ananyamula bokosi la magolovesi, aja amene anesi amavala n'kutaya. Anati amapangidwa kutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo amene amawapanga sitidzawaona. Koma kampani ikufuna kudziwa ngati munthu aliyense amene amapanga, kusoka kapena kuchapa zinthu za kiliniki ali ndi ufulu wotuluka pakhomo akafuna, ndiponso ngati thukuta lake limamubwerera. Ine sindinapirire.

"Nanga inu muli ku Lusaka, mungadziwe bwanji?"

"Sindingadziwe ndekha, amama. Ine ndikafika pakhomo amandiphikira tiyi. Inu ndi amene mumalowamo nthawi zonse."

Yankho limenelo linandisangalatsa. Anatisiyira nambala yake, mdzukulu wanga anandiikira mu kafoni kanga ka mabatani.

Mawa lake ndinamuperekeza ku Nabvutika, ndipo tiyi anaphikidwadi, wamkaka, ndi mabanzi. Atafunsa za antchito, adona anagwira pamtima.

"Antchito ndilibe ine. Uyu ndi wachibale, mwana wa m'nyumba. Amadya zimene tikudya. Kodi kwanu mwana wa m'nyumba mumamulipira akatsuka mbale?"

Mlendo uja anamutengera wochapayo pambali, kuseri kwa zingwe. Ine ndinkasuzumira pakati pa nsalu. Wochapayo anangoyang'ana pansi n'kuti, "Ndili bwino." Pobwerera ndinamufunsa mlendoyo zimene waona. Anangoti mtima wake sunakhazikike, koma sangathyole geti la munthu chifukwa cha mtima.

Nkhaniyi inandizungulira m'mutu masabata angapo. Chifukwa adona sananame pa mwambo. Ife timalera ana a abale athu, ndipo amagwira ntchito. Ine ndemwe ndinalera mwana wa mng'ono wanga, ankatunga madzi, kusesa, kuphika, ndipo sindinamulipirepo. Ndiye ndinali ndi kapolo ine? Ndinkakolopa uku ndikudzifunsa kuti chibale chimathera pati, ndipo chinacho chimayambira pati. Ndinafunsa anesi, anati ndisawasokoneze. Ndinafunsa mlonda, anati ndikafunse abusa.

Yankho linandipeza ku msika m'mawa wina, ndikugula tomato ndisanalowe ntchito. Mayi amene ndinkamugula anali wa ku Chiparamba, ndipo ndinali nditamuuzapo kale za mnzake wochapa, poti ine sindisunga nkhani. Tsiku limenelo sanandipatse n'komwe moni wabwino.

"Amayi, mwana uja bwanji sanafike? Amake anatisiya dzana. Uthenga anaimbira pa foni ya adona akewo, poti iye alibe. Akuika lero masana. Akungodikira iye kuti aone nkhope."

Tomato ndinamusiya pomwepo. Ndinathamangira ku kiliniki, kumanga mitolo, ulendo ku Nabvutika. M'njira ndinkaganiza kuti ndikapeza geti lotsegula, nyumba yonse ili piringupiringu, ufa uli m'thumba, nkhuku yomanga miyendo. Pajatu ku maliro a wachibale sikupita munthu mmodzi, imanyamuka nyumba yonse.

Ndinapeza geti lokiya monga mwa masiku onse. Adona ananditsegulira n'kukiyanso. Kuseri wochapa uja anali atawerama pa bafa, akuchapa, akung'ung'udza kanyimbo ka kutchalitchi. Pamenepo ndinadziwa kuti sanauzidwe. Koma uthenga wa maliro suponyedwa ngati mwala munthu ali chiweramire, ndiye ndinayamba ndapita pa khonde kwa adona, ndinakhala pansi, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Pepani ndi zovutazi, adona. Munyamuka nthawi yanji? Mwina ndingakwere nawo."

Ndikunena zoona, sindinafunse mowatchera msampha. Ndinkafuna kudziwa basi.

"Zovuta zanji?"

"Za ku Chiparamba."

Anatsitsa mawu. "Musamuuze, amayi. Mukuona nokha nsalu zaunjikana, odwala agona pa chiyani? Ndimuuza akamaliza, adzapita kukaona manda."

"Koma omwalirawo si abale anu?"

"Ife anthu amenewo sitiwadziwa. Bambo a kuno anangomupeza kokagula mtedza, banja lake litatha, n'kumutenga kuti timusunge."

Funso lija limene linandivutitsa masabata onse linali litayankhidwa pa khonde pomwepo. Mwana wa mng'ono wanga uja, agogo ake a kuchimuna atamwalira, ndinatseka nyumba n'kumubereka ulendo, tonse tikulira. Geti langa linalibe kiyi.

Ndinati, "Adona, ine ndine wosaphunzira, mundithandize. Ngati ndi wachibale, mangani ufa tipite tonse. Ngati si wachibale, ndi wantchito, ndipo wantchito amapita kukaika amake. Ndiye ndi uti?"

"Inu amayi okolopa, mwayamba kuweruza milandu pakhomo panga?"

"Iyayi, ine ndikungofunsa."

"Kafunseni kwanu!"

Ndinatulutsa kafoni kanga m'kamisolo. Ndinayamba ndaimbira mlamu wanga wa ku Madzimoyo mwangozi, iye n'kuyamba kundiuza za mbuzi zake, ndinamudula. Kachiwiri ndinapeza mayi wa ku Lusaka uja. Ndinamufotokozera mwachidule, mwina koyamba m'moyo mwanga. Anati ndipereke foni kwa adona. Zimene anawauza sindinamve zonse, koma ndinaona nkhope ikusintha, ndi dzanja likupita pa mfundo ya chitenje. Atandibwezera foni, mayiyo anati, "Amama, nsalu zibwerere ku kiliniki momwe zililimo, zonyowa ndi zakuda zomwe. A manijala ndiwauza ine. Inu muperekezeni."

Ndinapita kuseri, ndinayala chitenje changa pansi pa chingwe, ndinamuitana. "Tabwera ukhale apa, mwanawe. Pukuta m'manja." Atangoona mmene ndakhalira anadziwa kuti kwagwa zovuta. Anafunsa liwu limodzi, "Amayi?" Ndinagwedeza mutu. Kulira kwake kunatulutsa anthu m'nyumba zoyandikana, ndipo ena ankafunsana kuti kodi mumpandamo mumakhalanso munthu wina?

Chimene chinandidabwitsa kwambiri chinali panja pa geti. Wochapa uja anaima n'kuyang'ana uku ndi uku. Munthu wakhala mu Chipata zaka, koma njira ya kokwerera magalimoto sankaidziwa. Ndinamugwira dzanja ngati mwana wa sukulu.

Tinakwera kagalimoto kodzaza matumba a feteleza, kamene kankaima paliponse pamene munthu watukula dzanja. Iye ankangoyang'ana dzuwa. Ine ndinkakalipira dalaivala mpaka anati, "Amama, mukafuna yendetsani ndinu." Titatsika tinamva nyimbo patali, ndipo tinathamanga, ine ndi mawondo angawa. Tinafika adzukulu, aja okumba manda, atabwerako kale, bokosi lili pabwalo, mkulu wa mpingo atanyamula hamala. Mayi wina anakuwa, "Dikirani! Mwana wafika!"

Anatsegula. Wochapa uja anagwada, anayang'ana nkhope ya amake nthawi yaitali, n'kuwakonza duku ndi zala zake zosupuka zija. Azakhali ake, mayi wokalamba, anamugwira manjawo, kuwatembenuza uku ndi uku, kenako anandiyang'ana ine.

Ku Nabvutika wochapayo sanabwererenso. Kampani inasiya kutumiza nsalu kumeneko, ndipo mayi wa ku Lusaka anabweranso kudzakamba ndi adona pamodzi ndi anthu a boma oona za antchito. Mmene zinathera sanandiuze, ngakhale ndinafunsa kangapo. Kuseri kwa kiliniki anagwetsa kashedi kakale n'kumanga pochapira ndi zingwe, kusonyeza kuti malo analipo, kunalibe amene anawafuna. Masiku amenewo asanamalize kumanga, tinkayanika nsalu pa mpanda wa maluwa, a dokotala akudandaula.

Atameta maliro, wochapa uja anabwera yekha kudzapempha ntchito yochapa, ndipo anamulemba, n'kumupatsa magolovesi aatali ofika m'zigongono. Tsiku loyamba kuweruka ndinamufunsa kuti akupita kuti.

"Ku msika, amama."

"Kukagula chiyani?"

"Palibe. Kukangoona."

Ndinamuperekeza, poti nanenso tomato wanga uja ndinali ndisanatenge. M'njira ndinkamufunsa ngati akuganiza kuti amene anapanga magolovesi akewo, kutsidya kwa nyanjako, amawalola kupita kumaliro. Anati sakudziwa. Nanenso mpaka lero sindidziwa, ndipo pa bokosi pake salembapo.