Jekete Limene Ndinkavulira Panja

Mtsikanayo ndinamuberekapo kumbuyo ine, mayi ake akapita ku shifiti, nthawi imene tinkakhala m'nyumba zosanja za ku Sighthill, kuno ku Glasgow, zisanagwetsedwe. Ndiye tsiku limene analowa kuntchito kwathu atanyamula faelo, kabaji ka ku yunivesite kali pachifuwa, manijala n'kumuonetsa kwa ife ngati katswiri, mtima unandiwawa. Inali nsanje, sindibisa.

Ndinali nditagwira zaka khumi ndi chimodzi ku Dennistoun, m'nyumba yosamalira akuluakulu amene sangathe kudzisamalira okha. Iye anali m'chaka chachitatu cha digiri younika khalidwe la munthu. Kumeneko amawaphunzitsa kuti munthu sachita chinthu popanda chifukwa, ndiye umalemba zimene zachitika asanachite, zimene wachita, ndi zimene zatsatira. Ku tchalitchi mayi ake sankatipumitsa nazo. Akuti akamaliza adzagwira m'sukulu za ana a vuto la mu ubongo la otizimu, kapena kuchipatala, kapena azidzayendera nyumba ngati yathuyi kulangiza antchito. Antchito olangizidwawo ndinkawadziwa bwino kuti ndi ndani. Ine ndinalekera Fomu 4 ku Zomba, ndinakhoza bwino ndithu, koma malo a ku yunivesite sanandipeze.

Manijala anamupatsa kuti aziunika bambo wina wa konkuno, wosalankhula, amene ndinkamusamalira kuyambira tsiku langa loyamba. Masana ena bamboyo ankadzimenyetsa mutu kukhoma mpaka magazi. Manijala anali atanena kale kuti zikapitirira amusamutsira kumalo okhoma kunja kwa mzinda, kutali ndi mlongo wake amene ankabwera pa basi Lamlungu lililonse.

Ine ndinkadziwa chimene chinkamuvuta. Zinanditengera zaka zitatu ndi magalasi anga a m'maso awiri osweka. Anali majekete. Akaona munthu wavala jekete m'nyumba, kwa iye ndiye kuti akumusiya. Ndiye ku Glasgow kuno mvula sipuma, aliyense amalowa ndi jekete n'kuvaliranso m'nyumba potuluka. Langa ndinkavulira panja pa khomo la kuseri n'kulipachika m'chipinda chochapira, poweruka n'kukavalira pamvula. Ndinauzapo manijala wakale, anangoseka. Kuchokera pamenepo ndinatseka pakamwa, ndipo pang'onopang'ono zinayamba kundikomera kuti bamboyo amafatsa ndi ine ndekha.

Mtsikana uja anakhala pakona ndi mapepala ake masabata anayi. Analemba za phokoso la ketulo, za chakudya, za nthawi yomwa mankhwala. Ine ndinkamudutsa ndi mopu n'kumati mumtima, lemba mwana wa sukulu, tione ngati digiri ili ndi maso. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwo ndinkaunena bwino pa maphwando. Koma ndinkamuona akulowa ndi jekete lake lofiira, ine chete.

Lachinayi lina anandipeza m'chipinda chochapira. Chichewa chake n'chopindika, cha ana okulira kuno, koma anayesetsa.

"Anti, ndawerenga mapepala onse. Amadzimenya anthu akamasinthana shifiti. Koma akakhala kuti olowa kapena otuluka ndinu nokha, sapanga, olo kamodzi. Mumapanga chani?"

"Ndimangomupempherera," ndinatero. Jekete langa linali lendee pamsomali kumbuyo kwake, likudontha madzi.

"Chabwino, anti. Zikomo."

Anatuluka mwaulemu, ndipo ulemuwo unandipsetsanso mtima.

Lolemba lotsatira kunagwa chimvula. Antchito atatu analowa pamodzi atazipa majekete mpaka m'khosi. Ine ndinali kukhitchini, ndinangomva khoma likugunda. Bamboyo anang'ambika pachipumi, anakamusoka kuchipatala. Manijala anati basi, Lachisanu asainira zomusamutsa.

Mlongo wake anabwera mawa lake, tsiku losakhala lake. Anandigwira manja onse awiri akulira. Anati kumalo okhomako basi sifika, ndipo iye galimoto alibe. Kenako anandithokoza kuti pa anthu onse, ine ndi amene ndimamukonda mchimwene wake. Ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Madzulo omwewo ndinamuitana mtsikana uja. Ndinamutengera m'chipinda chochapira n'kumulozera msomali.

"Ndi majekete, iwe. Lemba."

Sanandifunse chifukwa chake sindinanene Lachinayi lija. Anapita kwa manijala ndi mapepala ake, napempha masabata awiri oyesera. Anakhomera misomali panja pa khomo la kuseri, aliyense n'kumavulira pamenepo. Zimene ine ndinanena n'kusekedwa, iye anazinena ndi matchati, anthu n'kugwedeza mitu. Bamboyo sanasamuke.

Mu ripoti lake anandilembamo, pamzere woyamba weniweni, ndipo nazonso zinandiwawa, chifukwa wolembayo anali iye. Atamaliza digiri kampani yathu inamulemba ntchito. Lero amayendera nyumba zingapo, ndipo akabwera kwathu kudzaphunzitsa atsopano, ndimakhala kumbuyo n'kumamva nkhani ya majekete ikukambidwa m'Chingerezi chokoma. Nsanjeyo sinathe, ndikanati yatha ndikananama.

Bamboyo ndimamusamalirabe. M'mawa uliwonse ndimamupukuta kumaso, ndipo kansalu kamadutsa pa chipsera cha pachipumi paja. Iye amatseka maso n'kundipendeketsera mutu, chifukwa pa anthu onse amakhulupirira ine.