Atambala akuda pa galasi lakuda

Ndinali nditangoyamba kuphunzira kujambula mapulani pa kompyuta pamene a tcheyamani a chipani anabwera ku ofesi kwathu pa Boma la Ntchisi. Ankafuna pulani ya chipata cholandirira alendo pa msonkhano waukulu, pamwamba pake pakhale tambala wakuda, chizindikiro cha chipani. Mzungu amene ankandiphunzitsa anali atatsakamira ku Lilongwe chifukwa cha matope. Ine, poti ndimakonda kutamidwa, ndinavomera msangamsanga.

Mizati ndi mtanda zinaoneka bwinobwino, mizere yoyera pa galasi lakuda la kompyutayo. Nditafika pa tambala ndinasankha mtundu wakuda, nanga ndikanayerekeza mtundu wina? Ndinajambula mlomo, chifuwa, mchira. Pagalasi panali zii. Ndinajambulanso chapambali, osaoneka. Ndinapukuta galasi ndi malaya, ndinagwedeza mawaya, ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinapitiriza kujambula atambala osawaona mpaka dzanja linachita dzanzi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali nkhungu.

A tcheyamani atabweranso anayang'anitsitsa pagalasi.

"Tambala ali kuti?"

"Alipo, bambo, kungoti sakuoneka."

"Sakuoneka, kapena mwamuchotsa dala?"

Masiku amenewo anthu ankasowa pa nkhani zochepera apa, ndipo kunyumba ndinali nditasiya mkazi ndi mwana wakhanda. Posowa pogwira, ndinatumiza pulaniyo ku makina osindikizira, ndikupemphera chamumtima.

Pa pepala loyera tambala anatuluka. Kenaka wina, ndi winanso, ena atakwerana, ena ali m'malere, chipata chonse atambala okhaokha. Apo m'pamene ndinazindikira kuti onse analipo kuyambira kale, koma chakuda sichingaoneke pa chakuda.

A tcheyamani sanaseke.

"Atambala onsewa mukutanthauza chiyani, achimwene? M'dziko muno amalira ndi mmodzi."

Ndinagwada pa simenti n'kuyamba kufotokoza za mitundu. Iwo anangopinda pepalalo bwinobwino, n'kuliika m'thumba la jekete, n'kutuluka.

Mzungu uja atabwera anaseka mpaka misozi. Anadina pang'ono chabe, galasi n'kusanduka loyera, atambala onse poyera. Ine sindinaseke, chifukwa pepala lija silinabwerere. Dzinja lonse mkazi wanga ankasunga bulangete ndi malaya anga m'kachikwama kuseri kwa chitseko, ndipo galimoto ikamveka ikukwera chitunda, ankasiya kuyamwitsa n'kundiyang'ana.