Daimondi imene ndinaipereka dala

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene amalume anga anandinyoza pagulu chifukwa chochita zimene iwo omwe anandiphunzitsa. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Ndinkakhala nawo ku Tottenham, m'fulati ya pamwamba pa sitolo yogulitsa ufa ndi nsomba zouma. Ankayendetsa basi, ndipo akaweruka ankayala makadi patebulo n'kumandiphunzitsa briji. Ndi masewera a anthu anayi, awiri mbali iliyonse. Aliyense akaponya khadi limodzi, mwini khadi lalikulu amatenga onse anayi, ndipo imeneyo ndiyo triki. Mbali imodzi imalonjeza kuti itenga matriki angati. Kenako mnzako amayala makadi ake poyera, iwe n'kumamuuza loti aponye mpaka lonjezo likwaniritsidwe.

"Usanagwire khadi, dzifunse chimene chingakugwetse," ankatero. "Yamba wateteza lonjezo. Zowonjezera n'za adyera." Ndikafulumira ankandigogoda pachala ndi bokosi la makadi.

Chaka chilichonse Amalawi a mumpingo wathu ankapikisana ndi anzathu a ku Zambia m'holo ya tchalitchi, pa matebulo awiri. Makadi omwewo ankaseweredwa pa matebulo onse, pomaliza n'kuyerekeza. Chaka chimenecho bambo amene ankasewera ndi amalume anasamukira kutali, mpando wawo n'kutsala wopanda munthu. Amalume anati ndikhalepo ine, ndipo ndikasewera bwino ukhala wanga. Sindinalakelakepo chinthu china ngati mpando umenewo.

Linali Loweruka masana. M'holo munkanunkha tiyi, mandasi ndi majekete onyowa ndi mvula. Tinasewera bwino, osatsalirana kwenikweni. Chakumapeto tinalonjeza matriki asanu ndi anayi, popanda mtundu wa khadi wodula unzake, ndipo wosewera ndinali ine. Anayi ndinali nawo kale m'manja. Asanu otsalawo anayenera kuchokera ku madaimondi, umodzi mwa mitundu inayi ya makadi.

Amalume anayala esi, kingi, kwini ndi timadaimondi titatu ting'onoting'ono. Khadi lina lalikulu analibe. Ine ndinali ndi madaimondi awiri okha, ndipo asanu anali kwa adani. Ndinaganiza. Ngati agawana atatu ndi awiri, esi, kingi ndi kwini asesa onse, ine n'kupeza triki yowonjezera. Koma ngati mmodzi ali ndi anayi, anditsekera njira, ndipo otsala a amalume angofera patebulo ine ndilibe powafikira. Mankhwala ake ndinkawadziwa: kupereka daimondi yoyamba dala, ndidakali ndi ina yobwererera.

Ndinaponya yaing'ono. "Kakang'ono, amalume."

Anandiyang'ana. "Wati chiyani?"

"Kakang'ono."

Bambo Zulu, mkulu wa ku Lusaka wokonda nthabwala, anatenga triki ija ndi khadi lachabechabe. "Mudala," anatero kwa amalume, "uyu mufana wanu apasa vamahala monga ni kampeni!" Ankatanthauza kuti ndikugawa zaulere.

Madaimondi aja anali atagawana atatu ndi awiri. Ndinakwaniritsa lonjezo, osawonjezera kanthu. Patebulo linalo munthu wa ku Zambia anangoyamba ndi esi osaganiza n'komwe, n'kutenga khumi. Poyerekeza, tinagonja ndi triki imodzi yomweyo.

A ku Zambia anayamba kuimba ndi kumenya matebulo. Amalume anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo kwawo.

"Makadi abwino chonchi, iwe n'kumanjenjemera? Ndakulera kuti uzigawa matriki ngati maswiti? Mantha basi!"

"Koma amalume, munandiuza kuti..."

"Khala chete! Wayamba kuyankha akulu?"

Amayi amene ankatsuka makapu anasiya n'kumasuzumira pakhomo. Ana anzanga, amene Chichewa ankangomva osalankhula, tsiku limenelo anamva zonse. M'holo yonse munali anthu odziwa briji kuposa ine, ndipo ankadziwa kuti pa mpikisano wotere kutaya lonjezo kumawononga kwambiri kuposa kusowa triki yowonjezera. Koma palibe amene ananditeteza. Mwana sangakhale wolondola mkulu ataimirira.

Pobwerera tinakwera basi yosanja n'kukhala m'chipinda cha pamwamba, tili awiriwiri. Mawindo anali atachita nthunzi. Titadutsa malo angapo oima basi, amalume analankhula osandiyang'ana.

"Unasewera bwino. Inenso ndikanatero."

"Ndiye mukawauze, amalume."

Anapukuta windo ndi chigongono. "Anthu aja saona ngozi imene sinachitike. Aona triki imene yasowa. Zisiye."

Sanawauze. Sabata yotsatira mpando uja anaupereka kwa bambo wina wosewera mwaphuma, amene anthu ankamutama kuti ndi wolimba mtima. Ine ndinakhala "wamantha uja" mpaka ndinamaliza sekondale, ndipo sindinakhalenso patebulo limodzi ndi amalume.

Tsopano ndili ndi imvi, ndimakhala ku Ilford, ndipo ndimasewerabe. Makadi otere akabwera pa mpikisano wotere, daimondi yoyamba ndimaiperekabe. Nthawi zambiri makadi amagawana bwino, ndipo ndimaoneka wopusa. Ndinazindikira kuti umenewo ndiwo mtengo wa kusamala, ndipo ndinaulandira. Ndinazindikiranso kuti amalume sanakwiyire kaseweredwe kanga. Manyazi ogonja kwa anzawo anawalemera, n'kuwatula pa munthu amene sakanatha kuwayankha.

Chimenecho ndiye sindinachilandire. Anandinyoza mokweza m'holo yodzaza anthu, n'kudzandiyamikira monong'ona m'basi yopanda mboni. Anamwalira akuganiza kuti nkhaniyo anaikonza. Sanaikonze.