Zipsera za a Halimatu

A Halimatu anadwala nthomba ali kamtsikana, ndipo inawasiya nkhope yonse ili zipsera zokhazokha. Koma m'midzi ya kuseri kwa Limbe aliyense ankadziwa kuti nthomba sigwira munthu kawiri. Wina akatuluka zilonda ankamumangira msasa kutchire, ndipo wopita ndi phala ndi madzi kumeneko anali a Halimatu. Anaigwira ntchitoyi mpaka imvi mbuu, mano atatsala atatu m'kamwa, koma miyendo ili yolimba kuposa ya amtengatenga.

Chaka chomwe njanji inafika, nthomba inagwira mkamwini wawo Alidi. Mwana wawo Afisa anali woyembekezera, ndipo nthendayi anali asanadwalepo. Mayiwo anamulumbiritsa: "Iwe, kumsasa usapondeko. Mwamuna wako ndimusamala ndine."

Ndiye kunatulukira mzungu wa zaukhondo ndi womasulira wake Aloysius. Mzungu atangoona nkhope ya a Halimatu anabwerera chambuyo, mpango uli pamphuno.

"Akuti wofalitsa nthendayi ndi inu, amayi," anatero Aloysius, maso ali pansi.

"Zipsera izi n'zakale kuposa bwana wakoyo! Muuze!"

Sanamuuze ayi. Aloysius, mwana wa pa Ndirande pompa, amene mayi ake anachirira m'manja mwa a Halimatu omwewa! Anaopa kutsutsa mzungu. Munthu wotere n'kumutcha chiyani?

Alonda a mzunguyo anawakokera a Halimatu kumpanda wa odwala n'kuwatsekera masabata atatu, nkhalamba yopanda ngakhale chimfine. Anakuwa mpaka mawu kusasa: "Nanga phala la Alidi apititsa ndani?" Alonda ankangoseka, ati gogo wayamba kubwebweta.

Apititsa ndani winanso? Mkazi angakhale phee pakhonde mwamuna wake akulira ludzu kutchire? Afisa anasenza mtsuko n'kupita.

Tsiku lowatulutsa, mzungu uja anagwedeza mutu mokhutira, ati gogo wachira. Kuchira chiyani? Zopusa basi! A Halimatu anayenda osapuma mpaka kumudzi, n'kupitirira kumsasa kuja. Anapeza Alidi atadzuka, atatsamira ndodo, akulira ngati mwana. Anthu anali atakhala patali ndi msasa, popanda wolimba mtima kulowamo. M'katimo munali Afisa, atafundidwa mpaka kumutu.

Wotha kusambitsa maliro a nthomba m'mudzi monsemo anali mmodzi yekha. A Halimatu anapempha madzi ndi nsalu yoyera, n'kulowa.