Lilime la Nunziata Pellicanò

Nunziata Pellicanò ndakhala naye ofesi imodzi kwa zaka zambiri, kachipinda kapansi kamene zenera lake limangoonetsa miyendo ya anthu odutsa. Tonse timaphunzitsa Chitaliyana pa yunivesite ina kuno ku Ontario. Ine ndine Ornella. Ndinabadwira ku Bergamo, kumpoto kwa Italy, ndinabwera ku Canada potsatira mwamuna amene lero sindifuna n'komwe kumva dzina lake, ndipo ndatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Nunziata ndi wa konkuno. Anabadwira ku Hamilton, kufupi ndi mafakitale a zitsulo, m'banja la anthu ochokera ku Calabria, kummwera kwa Italy, ndipo Chitaliyana chimene amaphunzitsachi anachita kuchiphunzira atakula kale.

Bambo ake, a Saverio, anali mmisiri womanga nyumba. Nthawi yotentha ankalima matimati kuseri kwa nyumba, ndipo chisanu chikamayandikira ankapinda mkuyu wawo n'kuukwirira m'dothi kuti usafe. M'nyumbamo ankalankhula chilankhulo cha kumudzi kwawo, chothiramo Chingelezi chothyoka miyendo. Nunziata anakula akudziwa kuti chimenecho ndiye Chitaliyana, mpaka pamene anapita kukaphunzira ku Siena, mzinda wa ku Italy wotchuka ndi Chitaliyana choyera, ali mtsikana. Kumeneko mayi wina wogulitsa buledi anamumvetsera, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti, "Mwana wokongola chonchi, pakamwa pali nkhalamba ya kummwera!" Nunziata anatuluka wopanda buledi. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kulondera lilime lake, ndipo sanasiyenso.

Analichapa ndithu. Ine wobadwira ku Italy ndimalakwitsa zinthu zimene iye sangalakwitse. Koma panali mawu amodzi amene ankakana kuchoka. Kummwera, polankhula ndi munthu wamkulu amati voi, kumuchulukitsa ngati ndi anthu ambiri. Bambo ako ndi voi, mayi ako ndi voi, wansembe ndi voi. Chitaliyana cha m'mabuku chimafuna Lei, kulankhula ndi munthu ngati ukunena za wina amene palibe. Kwa anthu ngati a Saverio, Lei anali mawu a madokotala ndi akuluakulu a ku ofesi ya kazembe, anthu amene umawavulira chipewa. Nunziata ankaphunzitsa Lei m'kalasi bwinobwino, koma akatopa, kapena akamulemekeza munthu kuchokera pansi pa mtima, voi ankatuluka yekha.

Anatulukapo kamodzi pa phwando la Khirisimasi, akupatsa keke Pulofesa Bencivenni, mkulu wa gawo lathu, munthu wa ku Florence wa makutu akuthwa. Apulofesa anangomwetulira n'kunena kuti, "Aa, Calabria." Basi, palibenso china. Ine ndikuganiza kuti analibe nazo kanthu, mwina anakumbukira nyanja ndi tsabola. Koma Nunziata anawasunga mawu amenewo ndipo ankawatulutsa nthawi iliyonse akafuna kudzizunza.

Chifukwa chodzizunzira chinalipo. Anthu akamva kuti umaphunzitsa pa yunivesite amaganiza kuti unafika. Ife ambiri ndife aganyu ovala majekete. Kontirakiti ndi ya chaka chimodzi, ndipo chipale chikayamba kusungunuka nawenso mtima umayamba kusungunuka, kudikira ngati akuitanenso. Ophunzira akuchepa chaka ndi chaka. Zidzukulu za amisiri omanga nyumba zikufuna za makompyuta, chilankhulo cha agogo zimachikumbukira pa maliro. Nunziata anapeza digiri ya udokotala, a Saverio anaitanira msewu wonse vinyo wa m'chipinda chapansi, koma imvi zinamupeza akadali waganyu.

Ndiye chaka chatha kunamveka kuti pali malo amodzi a ntchito yokhazikika. Amodzi okha, ndipo tonse tinadziwa kuti ena sadzapezekanso ife tili moyo. Ofunsira ntchitoyo anayenera kuphunzitsa kalasi pamaso pa komiti, wapampando wake Pulofesa Bencivenni. Ofunsira enawo anali ochokera kunja, obadwira ku Italy, olemba mabuku onenepa. Nunziata anali ndi ophunzira omukonda, ndi lilime limene sankalikhulupirira.

Nthawi imeneyo a Saverio anali ku nyumba yosamalira okalamba. Mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Chingelezi ndicho chinayamba kupita, kenaka mayina a misewu, kenaka nkhope za anthu. Nunziata ankapita tsiku lililonse akaweruka. Nkhope yake sankaidziwa, koma akangolowa n'kunena m'chilankhulo cha kumudzi kuti, "Ababa, mwaswera bwanji? Mwadya?" ndi voi wake uja, nkhalambayo inkatembenuka n'kuwala maso. "Nunzia wanga wabwera." Ankamudziwira pakamwa.

Vuto linali lakuti chilankhulo cholankhula tsiku ndi tsiku chimamera mizu. Tsiku lina m'kalasi Nunziata anayankha bambo wina wachikulire, wophunzira wake, ndi voi. Mtsikana wa kutsogolo anakweza dzanja kufunsa ngati sabata yatha sanaphunzire kuti ndi Lei. Nunziata analowa mu ofesi, anakhala pansi osavula n'komwe chikhoti.

"Ornella, chabwerera."

"Chiyani, chimfine?"

"Usandiseke. Chikutuluka chokha. Ndikakachita zimenezi pamaso pa a Bencivenni ndiye kuti ndatha."

"Amwali, munthu sachotsedwa ntchito chifukwa cha mawu a zilembo zitatu."

"Sakandichotsa. Akangosankha wina, n'kundithokoza mwaulemu. Iwe ukupita kokapuma, ine ndipita kuti? Ndikaphunzitse Chitaliyana ku fakitale ya zitsulo?"

Ndinamuthirira khofi. Sanamwe. Kenaka ananena chimene anali ataganiza kale m'njira, chakuti sapitanso kwa bambo ake mpaka kalasi ija idutse. Azipita ndi Carmine, mchimwene wake.

Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima sindisankha mawu. "Wapenga iwe? Carmine amakhala pamenepo akuseweretsa foni, nkhalamba imamuyesa wokonza wailesi ya kanema!"

"Ndi masabata ochepa chabe."

"Kwa iwe. Iwowo masabata sakuwadziwa."

"Ndiye bwino, sakadziwa kuti sindinabwere." Ananena akuyang'ana kapu, ndipo ndinaona kuti iye mwini sanakhulupirire.

Masabata amenewo sindifuna kuwakumbukira. Nunziata ankalankhula Lei kwa chilichonse. Lei kwa ketulo ya khofi, Lei kwa mphaka wa aneba, Lei kwa ine amene tinadyera mbale imodzi zaka zonsezi. Ndinamuuza kuti akandinenanso Lei ndimugenda ndi dikishonale, anangopepesa, ndi Lei yemweyo. Carmine akaimba foni ankamuyankha m'Chingelezi chokha, mwachidule, ataima pazenera. Akamaliza ankandiuza kuti bambo akudya bwino, ine osamufunsa. Anaonda. Foni ikangolira ankadzidzimuka, osadziwa ngati aope a komiti kapena a ku nyumba ya okalamba. Inenso mantha ake anandilowa, ndinayamba kumvetsera pakamwa pake ngati wapolisi nthawi iliyonse akatsegula kukamwa.

Mutu wa phunziro anamuuza kutatsala tsiku limodzi. Mwa mitu yonse ya m'buku, komiti inasankha mawu aulemu. Atawerenga anaseka kuseka kosakoma, ine ndinatukwana m'chilankhulo cha kwathu ku Bergamo, chimene nanenso sindichitulutsa pamaso pa apulofesa.

Tsikulo ndinakhala kumbuyo kwa kalasi. Akomiti anakhala m'mbali, a Bencivenni atapinda miyendo, mutu ataupendeketsa monga amachitira akamasaka cholakwa. Nunziata anayamba phunziro lake. Anasandutsa kalasi kukhala sitolo ya nsapato, ana ena ogula, ena ogulitsa, anaseketsa ngakhale mayi wa komiti amene sindinaonepo mano ake. Chakumapeto a Bencivenni anakweza dzanja n'kumufunsa funso lalitali, lokhotakhota. Apa ndi pamene ndinaopa voi uja, chifukwa Nunziata amawalemekeza bambo amenewa moona. Anawayang'ana m'maso n'kuwayankha ndi Lei wosalala, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osapunthwa paliponse. Potuluka apulofesa anamugwira dzanja n'kumuuza kuti m'mawu ake mukumveka Siena.

"Ndiperekeze kwa ababa," anandinong'oneza. Galimoto ndinayendetsa ndine. M'njira tinaima kuti agule nkhuyu zouma zimene nkhalambayo imakonda. Anali akadali m'suti yake yakuda ya kalasi ija, tsitsi atalimanga kumbuyo, chikwama cha mabuku paphewa. Ulendo wonse ankangobwereza funso la apulofesa ndi yankho lake, kufufuza ngati penapake panaterereka.

A Saverio tinawapeza pa mpando wa pazenera, atavala chipewa chawo cha nsalu, akuyang'ana magalimoto oimikidwa panja. Nunziata anafulumira, nkhuyu zili m'manja, nkhope yonse ikuseka. Anawerama pafupi nawo n'kuwafunsa mmene aswerera. Funsolo linatuluka m'Chitaliyana choyera cha ku Siena, ndi Lei.

Ndinamva ine asanamve iye mwini. Nkhalambayo inamuyang'ana suti, inayang'ana chikwama, kenaka inavula chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Ndili bwino, adokotala, zikomo. Bondo lokhali ndi limene likuvuta kukazizira."

Nunziata anagwira pakamwa. Anagwada pansi ndi suti yomweyo, n'kuyamba chilankhulo cha kumudzi, mothamanga, mawu akugundana. "Ababa, ndine Nunzia. Ndine mwana wanu. Taonani, ndakubweretserani nkhuyu. Mwadya, ababa? Akukupatsani chakudya anthu amenewa?"

A Saverio anamvetsera mwachidwi, akugwedeza mutu. Anasangalala ndithu.

"Koma ndiye mumachitha chakwathu, adokotala! Kwanu n'kuti? Makolo anu ndi a mudzi uti?"

"Ababa..."

"Nanenso ndili ndi mwana wamkazi, dokotala ngati inu nomwe, koma iye ndi wa mabuku. Amaphunzitsa ku yunivesite." Anaweramira kutsogolo ngati akuulula chinsinsi. "Masiku ano sakubwera. Ntchito yamuchulukira, mukudziwa mmene zimakhalira kwa anthu ophunzira. Mukakumana naye musamukalipire. Ndi mwana wabwino."

Ine ndinatuluka. Ndinakaima pakhonde pafupi ndi makina ogulitsa zakumwa, n'kulira ngati chitsiru, ndili ndi ukali umene ndinalibe woupsera. Nditabwerera ndinapeza Nunziata akadali chogwada, akuwasisita bondo lija, iwo akumufotokozera mwaulemu pamene pamapweteka. Anamwino anatiuza pambuyo pake kuti matendawa amatero, amatsika masitepe osachenjeza, ndipo mwina zikanachitikabe ngakhale akanamabwera tsiku lililonse. Nunziata anawathokoza.

Ntchito ija anaipeza. A Bencivenni anabwera okha ku kachipinda kathu kudzamuuza, ndipo anadabwa kuti sanalumphe. Tsopano ali ndi ofesi yake pamwamba, ya zenera loona mitengo, pachitseko pali dzina lake ndi udokotala wake. Ine ndatsala ndekha ndi miyendo ya anthu odutsa, ndipo iye amatsika kudzamwa khofi akapeza mpata. Chipale chikamasungunuka sadikiranso kuitanidwa ndi munthu.

Akaweruka amapita kunyumba, amavula suti, amamasula tsitsi, amavala juzi yakale imene bambo ake ankaidziwa. Akafika ku nyumba ya okalamba, chikwama amachisiya m'galimoto. Voi amamuyambira pakhomo penipeni, mokweza, asanalowe n'komwe m'chipinda. A Saverio amatembenuka, amamwetulira, amavula chipewa, n'kuyamba kukwinya buluku kuti adokotala aone bondo.