Mawilo Awiri a pa Shafuti

Mgodi utatsekedwa ndinatsala ndi rula, mapensulo ndi dzanja losanjenjemera. Zaka zanga zonse za ntchito ndinathera mu ofesi ya mapulani, kujambula mapaipi ndi mabawuti. Kunja kwa geti kunalibe wofuna bawuti ya papepala. Ndinayamba kulemba zikwangwani za ometa tsitsi ku komboni ya Makululu, mpaka mwana wa mchemwali wanga anandiitana.

Mtsikanayu anali atatsegula kafe ya intaneti m'tauni, makompyuta anayi ndi fani imodzi. Chichewa cha agogo ake amachimva, koma amayankha m'Chinyanja cha muno.

"Ba ankolo, manje vikwangwani vili pa intaneti," anatero. "Mukaphunzila kuyendesa vithunzi, mpando uja ni wanu. Mukakangiwa, nizaitana munthu wa ku Lusaka."

Mpandowo unali pansi pa fani. Ndinaufuna.

Poyamba mausi inkandithawa ngati sopo. Kenako ndinaona kuti pulogalamu yojambulirayo si yachilendo kwenikweni. Zimene amati maleya ndi mapepala oonekera aja tinkasanjikiza mu ofesi. Chondivuta chinali khalidwe langa. Ndinkajambula fulemu iliyonse, ndiko kuti sitepe iliyonse ya kuyendako, payokha, ndi bawuti iliyonse, ndipo chithunzi chinkalemera moti pa waya wathu wa foni munthu ankatha kumwa tiyi chisanatseguke.

"Chosani mabawuti, ba ankolo. Ikani poyambila na pothela, pakati kompyuta izazaza yeka. Chinthu chikafanana na chinzake, kopani chabe."

Kukopa ndinakukonda kwambiri.

Ntchito yondiyesera inachokera kwa anzanga akale. Komiti ya opuma a mumgodi inkafuna tsamba la pa intaneti loti ana awo a kunja aziona. Pamwamba pake ankafuna nsanja ya pa shafuti, dzenje lolowera pansi, mawilo ake awiri akuzungulira monga kale. Ndinajambula wilo limodzi mosamala, ndinalizunguza, ndinalikopa n'kuika linzake pambali. Ntchito ya sabata inatha Lachitatu.

Anabwera atatu m'mawa wa Lachisanu, atavala majekete. Mmodzi anali mdala amene ankayendetsa makina okoka zikepe, zija zotsitsa ndi kukweza anthu mu shafuti. Tsamba linatseguka msanga. Tcheyamani wa komitiyo anawomba m'manja. Mdala uja anayandikitsa nkhope pagalasi.

"Zimitsani," anatero. "A mapulani, mwatipha tonse."

Ndinafunsa chalakwika.

"Chikepe china chikamatsika, chinzake chimakwera. Mawilo sayendera mbali imodzi. Apa zikepe zonse zikupita pansi. Nanga shifiti yomwe yaweruka ituluka bwanji?"

"Musawadabwe," anatero tcheyamani. "Awa mgodi ankauonera pawindo."

Sananame. Windo la ofesi yathu linkayang'anana ndi nsanjayo, ndipo pansi sindinatsikeko ngakhale kamodzi. Mawilowo ndinkawadziwa kukula kwake ndi chitsulo chake. Mayendedwe ake sindinawayang'anitsitsepo.

Mwana wa mchemwali wanga anandinong'oneza. "Tibauze babwele mailo?"

Ndinakana zodikira mawa. Ndinatsegula fayilo iwo akuona, ndinasankha wilo lachiwiri n'kulitembenuza. Ndinaiwala kuti lokopa limamvera mwini wake. Onse awiri anabwerera m'mbuyo.

"Eya," anatero mdala. "Tsopano tonse tatuluka. Mwautsekanso mgodi kachiwiri."

Anaseka mpaka mayi wina amene ankalemba kalata pa kompyuta yapakona anatembenuka. Mwini kafe yekha ndiye sanaseke. Ndinamuona akuyang'ana foni ya patebulo, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za Lusaka.

Ndinapukuta manja pa thalauza. Ndinalekanitsa wilo lachiwiri ndi loyamba, ndinalipatsa leya yake ndi mayendedwe akeake. Nditayatsa, lina linapita uku, lina uko.

Mdala anayang'ana nthawi yaitali. "Koma likuima ngati lagunda khoma. Ine sindinkaimitsa anthu choncho. Mawondo akanathyoka."

Zimenezo ndinali nditaziphunzira. Ndinachititsa kuti mawilo aziyamba pang'onopang'ono, kuthamanga pakati, n'kufatsa pothera. Anandibweza katatu, dzanja lake lili m'mwamba ngati lagwira chitsulo cha buleki. Kachinayi anatsitsa dzanja.

"Belu lili kuti?"

"Saundi izalemesa peji, ba shikulu," anayankha mtsikana uja.

Mdala sanatsutse. Anadikira mawilo aime, n'kugogoda patebulo ndi chala, monga belu linkalirira chikepe chisananyamuke. Mawilo anayambanso. Tcheyamani anati tsambalo alilandira, ndipo anapempha kuti ndiwonjezere zithunzi za timu yawo yakale ya mpira.

Atatuluka, mwana wa mchemwali wanga anakoka mpando uja n'kuupukuta ndi mpango wake.

"Nkhalani, ba ankolo. Koma kukopa muchepeseko."

Madzulo ake ndinadzera njira ya ku mgodi, ngakhale inali yozungulira. Ndinaima pa mpanda n'kuyang'ana mawilo enieniwo. Sankayenda, koma ndinawayang'anabe bwinobwino.